Nkhope za pa Zenera la a Yakobo

Pius, wojambula zithunzi wa pa Nsaru, anali ndi nthenda imodzi imene mkazi wake Chrissy analephera kuichiza: sankadziwa kukana ntchito. Kaya ndi ukwati, kaya ubatizo, kaya tizithunzi ta pachiphaso tija timene aliyense amaoneka ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba, iye ankangoti, "Ndafika kale." Ndiye Lachitatu lija, pamene mayi wina wachitsikana anaima pakhomo pa kashopu kake mapazi ali mbuu ndi fumbi, Pius anayamba kupukuta kamera moni asanathe n'komwe.

"Ndine Faness, mwana wa a Yakobo," anatero mayiyo. "Ndife matenanti pa esiteti ya fodya kuseri kwa Kabudula uku. Ababa akudwala, ndipo madokotala anena poyera kuti masiku awo atha. Alibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Chimene chinali pachiphaso chinapsa pamodzi ndi chigafa chaka chatha. Akatisiya, ine ndibwerera kwathu ku Phalombe. Nanga ana anga akadzafunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, ndidzawaonetsa chiyani?"

Chrissy, amene ankasoka pa makina pakhonde pomwepo, anaimitsa phazi.

"Bambo a Queen, kodi simunamve zimene zikuchitika kumidziko? Dikirani mphepoyi idutse."

"Mphepo ingadikire, koma wodwala sadikira," anayankha Pius, uku akukoleka chikwama paphewa.

Mphepo imene Chrissy ankanena inali yoipadi. Kunkamveka zoti kwabwera anamapopa, anthu oyenda ndi timakina topopera magazi a anzawo. Amene anawaona ndi maso ake panalibe. Aliyense anamva kwa mlamu wake, mlamuyo anamva kwa munthu wa mu minibasi, wa mu minibasiyo anatsikira panjira. Koma kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo za m'maluwa zomwezo zinali zitakwana kuti amuna azitchinga misewu ndi zipika, zikwanje zili m'manja, fodya akuwadikira m'mashedi.

Chipika chotere anachipeza polowera pa esiteti. Amene ankalamula pamenepo anali Lawrence, kapitawo wa pa esitetipo, munthu wamapewa otambalala amene mawu ake ankamveka tsidya la dambo. Ataona Faness kumbuyo kwa njinga yamoto analola kuti adutse, koma anagogoda chikwama cha Pius ndi nsonga ya chikwanje.

"Muli chiyani umu?"

"Kamera, akulu. Ndine wojambula wa pa Nsaru."

Lawrence anatsitsa chikwanje. Anangomuyang'ana mpaka njinga inakhota kuseri kwa zigafa.

Nyumba ya a Yakobo inali ya chipinda chimodzi, denga laudzu lakuda bii ndi mwaye. Mkati munali mdima ngati m'nkhokwe, kupatula zenera limodzi lopanda galasi limene dzuwa la masana linkalowera ndi mphamvu zake zonse. Mkuluyo anali atavala kale jekete, ndipo jeketeyo inkalendewera pamapewa ngati yaikidwa pamsomali. Pius anapempha kuti awanyamulire panja pamene kuwala n'kosavuta.

"Iyayi," anakana a Yakobo. "Anthu asandione chonchi. Mundikhazike apa, zenera likhale kumbuyo kwanga. Mwauona mtengo wa mango uwo? Ndinadzala ndekha chaka chimene tinafika kuno. Nthaka ndi ya eni, fodya ndi wa eni, koma mtengowo ndi wanga. Utuluke pamodzi ndi ine."

Pius anakanda m'mutu. Wojambula aliyense amadziwa kuti munthu wokhala m'nyumba yamdima atafulatira zenera ndi mlandu. Kamera ndi chinthu chopusa: ikaona kuwala kwa pazenera imaganiza kuti dziko lonse lawala, ndiye imatsinzina, munthu n'kutuluka wakuda ngati chitsa. Ukaitsegula maso kuti ione munthuyo, zenera limangoyera, mtengo n'kusowa. Njira ndi imodzi basi. Uyambe waitchera kuti ione bwino za panja, kenako uwalitse nkhope ndi fulashi, kanyali kong'anima kamene kamakhala pamwamba pa kamera, koma moto wake ukhale wa muyezo, ngati mchere m'ndiwo.

Anawakhazika pampando n'kuyamba ndi chithunzi choyesera, fulashi ili yozimitsa. Mtengo wa mango unatuluka bwinobwino, tsamba lililonse. A Yakobo anatuluka mthunzi wokhawokha, makutu awiri ali njoo.

"Kumeneko ndi kuyesa chabe, bambo," anatero Pius. "Tsopano tikuwalitseni."

Anayatsa fulashi. Inayamba kulira kamawu kake kaja, kosongoka ngati ka udzudzu, posonyeza kuti ikukoka moto m'mabatire. Apa ndi pamene Pius analakwitsa, kulakwitsa kwa munthu wozolowera ntchito. Loweruka anajambula ukwati m'tchalitchi chachikulu, ndipo anasiya fulashi ili pa mphamvu yake yonse. Anaiwala kuibweza. Atadina, m'kanyumba kaja munang'anima ngati mwagwa mphezi, kuwalako kunatulukira pazenera ndi pakhomo. Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera a Yakobo anatuluka oyera mbuu ngati awathira ufa, mphuno osaoneka, maso okha ali timadontho tiwiri.

"Pepani, ndapyoza muyezo. Kamodzi kokha basi, chikhala bwino."

Koma mkuluyo anali atakhala tsonga nthawi yaitali kuposa mphamvu zake. Mutu unapendekeka, thupi linatsetsereka pampando, n'kugwa pansi khu!

"Ababa! Mayo ine, ababa!" anakuwa Faness.

Mayi wina woyandikana nawo nyumba, amene ankapeta chimanga pakhomo pake, anali ataona kung'anima kuja ndipo tsopano anamva kulira. Sanafunse kanthu. Anataya lichero n'kuyamba kuthamanga manja ali kumutu.

"Anamapopa! Awapopa a Yakobo! Anthuni, anamapopa!"

Pius anali atagwada, akumasula batani la pakhosi pa mkuluyo kuti apume, pamene khomo linada ndi anthu. Dzanja lina linamugwira kolala, lina mwendo. Anamukhwekhwereza chagada, mutu unagunda pa feremu ya chitseko, ndipo asanaone n'komwe thambo, chibakera chinamupeza pakamwa. Anamva dzino likuyandama m'magazi.

"Ndine Pius! Wa pa Nsaru! Ena mwa inu ndinakujambulani pa ukwati!"

Zinali zoona, koma khamu likalusa makutu limawasiya kunyumba. Mtengo woyanikira fodya unamuthyokera pamsana. Wina anamuponda m'nthiti ndi jombo, kawiri, katatu, mpaka mpweya unakana kulowa. Njerwa yoduka inamugwera pa diso lamanja, dziko n'kufiira psuu. Anakweza dzanja kuti aphimbe nkhope, ndipo mpini wa khasu unatsikira pa zala. Chala cholozera, chimene anadinira nacho kamera zaka khumi ndi zisanu, chinalira thyo! n'kupindikira kumene chala sichipindikira. Pius anakuwa ngati mwana, ndipo analibe nazo manyazi.

Faness anatuluka n'kudziponya pakati pa miyendo ya anthu.

"Ndamuitana ndine! Ndi wojambula! Ababa angokomoka!"

"Ndiye wagulitsa magazi a bambo ako, mtenanti iwe!" anakuwa bambo wina, n'kumuwomba khofi limene linamugwetsera pa mulu wa mapesi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anatunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu amenewa, koma tsiku limenelo anakumbutsidwa kuti ndi wobwera.

Lawrence anafika atanyamula kamera m'dzanja limodzi, chikwanje m'dzanja lina. Anadinadina mabatani monga amachitira pa foni mpaka zithunzi zinaoneka. Anaikweza m'mwamba.

"Onani umboni! Apa a Yakobo ali akuda, munthu ndi magazi ake. Onaninso apa. Ayera mbuu! Magazi apita kuti? Ali m'makina momwemu!"

Anthu anapanikizana kuti aone, ndipo amene anaona anabwerera m'mbuyo akukuwa. Ndani akanatsutsa? Zithunzi ziwirizo zinali zogundizana, chakuda ndi choyera. Fulashi nayo, poti inali ikadali yoyatsa, inayambanso kamawu kake ka udzudzu kaja.

"Mwamva? Ikupopabe!"

Ena anagwetsa njinga ya Pius, anatsegula thanki n'kukhetsera petulo m'chigubu, kenako njingayo anaiponyera machesi. Wina anabwera akugubuduza tayala lakale la thirakitala. Pius anamva petulo wozizira akutsikira m'khosi mwake, akuluma m'mabala. Anaganiza za Chrissy ndi phazi lake litaima pa makina osokera. Mantha amene anamugwira anali oti ngakhale pemphero la Tikuoneni Maria, limene ankalidziwa kuyambira ali wamng'ono, linamuthawa pakati.

"Siyani."

Mawuwo anali aang'ono, koma anachokera pamene anthu sankayembekeza. A Yakobo anali pakhomo, atakwawa ndi zigongono, jekete yodzaza fumbi. Amene anali pafupi analumpha ngati aponda njoka.

"Wakufa uja ndine," anatero mkuluyo, akupuma pakati pa mawu. "Magazi anga anathera m'munda wa fodya uwo, Lawrence, iwe ukuyang'anira. Mwana wa eniyu wapeza chiyani choti apope? Ndamuitanitsa ndekha. Chithunzi changa sichinathe."

Anthu anayang'anana. Ena anayamba kubisa miyala kumbuyo. Koma Lawrence anali atakuwa kwambiri moti kubweza mawu kukanamutsitsa pamaso pa anthu amene amawalamula m'munda.

"Chabwino," anatero. "Awajambulenso, ife tikuona. Kamodzi kokha. Akatuluka munthu, azipita. Akatulukanso oyera, machesi ndi awa."

Anamukankhira Pius m'nyumba n'kumuponyera kamera pachifuwa. Amuna awiri anatseka khomo ndi zibonga. Lawrence, ndi ukali wake wonse, sanafune kukhala m'chipinda chimodzi ndi makinawo, ndiye anazungulira kuseri n'kukaima pazenera. Anthu anamutsatira, n'kudzazana pamenepo, mitu pamwamba pa mitu. Taonani nzeru za khamu: anthu oopa kupopedwa magazi anakaunjikana ndendende pamene kamera inaloza.

Faness, tsaya litatupa, anawakweza bambo ake pampando n'kuwatsamiritsa kukhoma ndi mtolo wa zovala.

Pius anayesa kuika kamera pa diso lamanja, koma linali litatsekeka. Anaisamutsira kumanzere, kumene sanajambulirepo chiyambire. Petulo ankamuchititsa chizungulire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anadziuza yekha, ngakhale kuti wonena mwambiwo sanali atanyowa ndi petulo. Za panja anali atazitchera kale pa chithunzi choyamba chija, ndiye sanazikhudze. Chotsala chinali moto wa fulashi. Ndi chala chachikulu anazunguliza kagudumu kake, kuchoka pa mphamvu yonse kufika pa theka, kuchoka pa theka kufika pa theka la theka. Anayang'ana kutalika kwa pamene anaima ndi pamene panali mkuluyo, mapazi asanu okha, n'kutsitsanso kamodzi. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma.

M'nyumba ya siling'i yoyera akanaloza fulashi kudenga kuti kuwala kutsike kofewa, koma denga lamwaye lija likanangomeza zonse. Ankafunika kansalu koyera kophimba kanyaliko, kuti kuwala kusamenye pamphumi ponyowa ndi thukuta n'kuyeretsanso nkhope. Anatulutsa kampango kake m'thumba. Kanali kofiira ndi magazi.

"Mayi," ananong'ona, "muli ndi kansalu koyera?"

Faness anatsegula kasutikesi kamene kanali pakona n'kutulutsa duku woyera wovala ku tchalitchi, wosita bwino. Anamanga yekha pa fulashi, pakuti zala za Pius sizikanatha kumanga mfundo.

"Akuchedweranji?" anakuwa Lawrence pazenera. Anagwedeza bokosi la machesi kuti limveke.

Nsaluyo idya kuwala pang'ono. Pius anaganiza zimenezo, anabweza kagudumu kamodzi m'mwamba, n'kusiya pomwepo. Kuyesa kunalibe. Fulashi inalira kamawu kake, mabatire atatopa, nthawi yaitali ngati ulaliki wa pamaliro, mpaka kanyali kofiira kosonyeza kuti yakonzeka kanayaka.

"Bambo, yang'anani kuno. Dzutsani chibwano pang'ono."

A Yakobo anadzutsa mutu. Anakonza kolala ya jekete, n'kuyang'ana kamera ngati munthu amene akuyang'ana adzukulu ake amene sadzawaona atakula. Pius anaika chala chapakati pa batani, anagwira mpweya m'nthiti zothyokazo, n'kudina.

Kung'anima kwake kunali kwaulemu, kongophethira. Pazenera ena anabisa nkhope mochedwa.

Pius sanayang'ane n'komwe. Mmodzi wa amuna a pakhomo analanda kamera n'kuipereka pazenera. Kunja kunkangomveka kuthetheka kwa njinga imene inkapsa. Lawrence anayang'ana kagalasiko nthawi yaitali. Anthu anasuzumira pamapewa ake, ndipo mmodzimmodzi anayamba kuchoka, wina kukaona mbuzi, wina kukatseka shedi. Lawrence anaika kamera pazenera mosamala, ngati ndi dzira.

"Komabe ukafika pamudzi pa eni uziyamba wadziwitsa anthu," anatero, maso ali kumbali. Kupepesa kwake kunathera pomwepo.

Pius anakwawa n'kuitenga. A Yakobo analimo, munthu wathunthu: khungu lakuda lowala bwino, makwinya a pamphumi, kachipsera ka pachibwano, maso onyowa pang'ono koma osagonja. Pamwamba pa zenera nthambi za mango zinatuluka zobiriwira. Pius analira, ndipo sanadziwe ngati akulirira ululu, moyo wake, kapena kuti chithunzi chabwino koposa zonse zimene anajambulapo anachijambula ndi diso lolakwika.

Anamutengera kuchipatala pa ngolo. Nthiti zitatu zinali zothyoka, diso lamanja linatsala loona chifunga, ndipo chala chija chinapola chili chowuma, chosapindika. Chrissy sananene kuti ndinakuuzani. Akananena bwenzi zili bwino, chifukwa kukhala chete kwake kunkapweteka kuposa nthiti.

A Yakobo anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Patatha mwezi Faness anafika pa kashopu kaja ndi ana awiri, kasutikesi ndi mtolo wa mapoto, ali pa ulendo wa ku Phalombe. Pius anamukhazika pa benchi n'kutsegula chithunzicho pa kompyuta kuti achione chachikulu asanachitsuke.

Faness anagwira pakamwa. Kwa kanthawi anangoyang'ana bambo ake. Kenako maso ake anasunthira pazenera.

Chithunzi chikatcheredwa bwino sichisankha. Muyezo umene unatulutsa masamba a mango unatulutsanso zonse zimene zinali pansi pa masambawo. Nkhope zisanu ndi ziwiri zinadzaza zenera kumbuyo kwa mutu wa a Yakobo, iliyonse yooneka mpaka mano. Lawrence anali pakati, bokosi la machesi lili m'mwamba. Pambali pake panali dzanja logwira njerwa.

"Osadandaula, mayi," anatero Pius. "Zenerali ndingathe kulidula, kapena kulidetsa, atsale bambo okha. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kungoti mtengo uja upita nawo."

Faness anayandikira n'kuloza ndi chala.

"Awa ndi amene anakumba manda. Awa ananyamula bokosi. Mayi awa, amene anayamba kukuwa aja, anaphika pamaliro masiku onse atatu, ndipo analira kuposa ine. A Lawrence ndi amene analankhula m'malo mwa esiteti. Anati ababa anali munthu wamtendere, ndipo ankakhala bwino ndi aliyense."

Mwana wake wamkulu, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, anakoka chitenje.

"Amama, anthu awo akuwatani agogo?"

Pius anaika chala chake chowuma chija pa batani, akudikira.

"Musadule," anatero Faness. "Ababa anati mtengo wawo utuluke. Mutsuke chonchi, chachikulu, ndipo mutsuke ziwiri. Chinacho mukachipachike pakhomo panu apa, pamene anthu amadutsa tsiku la msika."